Kuseri kwa njedza kuli munthu

Kusanache bwino, dambo la nyanja ya Chilwa kumbali ya kwa Mfumu Yaikulu Kuntumanji limakhala litadzuka kale.

Bwato likuyenda m'kanjira kopapatiza ka madzi. Mwini wake sakupalasa, akungokankha ndi nsungwi yaitali kuti pasamveke phokoso. Pakati pa miyendo yake pagona mfuti ya mbalame. Uku ndi uku njedza yatalika kuposa munthu woimirira.

Patsogolo pamveka kalikhweru ka abakha am'madzi aja timati chipiyo.

Waima. Wanyamula mfuti. Phuu!

Mbalame zadzuka nthawi imodzi, mapiko kuti phaphapha. Ziwiri zagwa. Kenaka zii.

M'kati mwa bata limenelo mwamveka munthu akutsokomola kuseri kwa njedza, cha komwe kudaloza mfuti. Ndi msodzi, wabwera kudzaonjola miono yake.

"Mwadzuka bwanji kumeneko, achimwene?"

Moni wayankhidwa, aliyense wapitiriza zake. Palibe wavulala. Koma mlenje uja sadamuone msodziyo, ndipo msodziyo sadadziwe kuti pafupi pali mfuti. Chomwe chawapulumutsa ndi mwayi basi.

Kutali ndi kuno, ku America, ku South Africa ndi m'maiko ena ambiri, kuli anthu amene kuwomba mfuti ndi masewero awo. Munthu mmodzi amatha zipolopolo pafupifupi 200 pa mpikisano umodzi, akuwomba mothamanga, anzake ataima kumbuyo. Amalasa mbale zachitsulo zomwe zimaphwanya chipolopolo n'kumwaza zidutswa. Ukangomva, ungati kumeneko maliro sakata. Koma ngozi n'zosowa kwambiri, chifukwa anthuwo adakana kudalira mwayi, adakananso kudalira luso la munthu. Adalemba malamulo, ndipo wowaphwanya, kaya ndi katswiri wotchuka bwanji, amalongedza katundu wake tsiku lomwelo.

Kwa Kuntumanji simungapeze bwalo la masewero otere, ndipo palibe akupempha kuti limangidwe. Chomwe chilipo ndi mfuti, anthu ambiri, ndi njedza yobisa anthuwo. Malamulo a kumabwalo aja ali ndi phunziro lalikulu kuno kuposa komwe adalembedwera.

Nyanja ya nsomba, mpunga ndi mbalame

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi. Yazunguliridwa ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa imakhudza Mozambique. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Ndi yosazama, ndipo gawo lalikulu ndi dambo la njedza, mlulu ndi udzu.

Mu 1996 Chilwa idakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Chachikulu chomwe chidaipatsa ulemuwo ndi mbalame zam'madzi, mitundu yoposa 150, ina yochokera ku Ulaya ndi ku Asia pothawa chisanu. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalo lidaizindikira ngati malo omwe anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalirana mosamalana.

Kwa munthu wa kuno, mbalamezo ndi ndiwo komanso ndalama ya mchere ndi sopo.

Pamene nyanja ili bwino, matemba, makumba ndi milamba zimadyetsa mabanja. Koma Chilwa imaphwa. Idaphweratu mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idachepa koopsa mu 2012 ndi mu 2018. Nsomba zikasowa, maso a anthu amatembenukira ku mbalame. Zimateronso chaka chilichonse m'miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene nkhokwe zatha koma mpunga ndi chimanga zisanache. Imeneyinso ndiyo nyengo yomwe mbalame zambiri zimaikira mazira.

Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapeza kuti anthu otchera misampha pafupifupi 460 ankagwira mbalame pafupifupi 1.2 miliyoni pachaka. Apo n'kuti zophedwa ndi mfuti zisanawerengedwe. Otchera misampha ndiwo ambiri, ndipo amagwira kwambiri timbalame tating'onoting'ono. A mfuti ndi ochepa, ndipo amafuna zikuluzikulu monga chipiyo ndi tsekwe.

Chiwerengerocho chidadzidzimutsa anthu. Cha m'ma 2001 osaka mbalame adayamba kupanga makalabu m'midzi yozungulira nyanja, ndipo adagwirizana kukhala bungwe limodzi la Lake Chilwa Bird Hunters Association, lodziwikanso kuti Mwayi wa Mbalame. Adathandizidwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi komanso bungwe la alenje a ku Denmark. Adapatula malo oti mbalame ziziswana popanda wozisokoneza, adagwirizana za nyengo yotseka kusaka, adaika ndi zilango.

Apa alenje a Chilwa adaonetsa kuti angathe kudziikira okha malamulo. Malamulo awo odziwika kwambiri ndi oteteza mbalame. Mphamvu yomweyo ingathe kutetezanso munthu.

Pajatu dambo si chipululu. Muli asodzi amene amagona masabata angapo m'zimbowera, tinyumba toyandama ta njedza. Muli amayi odula mlulu ndi njedza za mphasa. M'mphepete muli alimi a mpunga ndi ana oweta ng'ombe. Pamadzi pamadutsa mabwato a pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Onsewa amalawira m'mamawa, nthawi yomweyo yomwe mlenje amalawira.

Masewero a mbale zachitsulo

Mpikisano wotchuka kwambiri wolasa zitsulo umatchedwa Steel Challenge. Adauyambitsa Mike Dalton ndi Mike Fichman ku California m'dziko la America mu 1981, ndipo kuyambira 2007 uli m'manja mwa bungwe la USPSA.

Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Pali zigawo 8. Pa chigawo chilichonse pamaima mbale zisanu zopakidwa utoto woyera, zina zozungulira za masentimita 25 kapena 30, zina zamakona anayi. Yapafupi imakhala pa mamita opitirira pang'ono 6, yakutali pa mamita 32. Wopikisana amalasa zinayi m'ndondomeko yomwe wakonda, koma yomaliza imakhala yodziwika kale, ndipo ndiyo imatseka nthawi. Pafupifupi chigawo chilichonse amachibwereza kasanu, n'kutaya ulendo womwe wachedwa kwambiri. Mbale yophonyedwa imamuonjezera masekondi atatu. Wopambana ndi amene nthawi yake yonse yachepa.

Akatswiri amatha kulasa mbale zisanu m'masekondi osakwana awiri pa zigawo zina.

Palinso bungwe lalikulu la padziko lonse la IPSC, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, m'chigawo cha Missouri, mtsogoleri wake woyamba ali Jeff Cooper. M'mipikisano yake amalasa mapepala ndi zitsulo zomwe. Masewerowa si achilendo kuchigawo chino cha Africa. Mpikisano wa dziko lonse wa 1977 udachitikira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Wa 1979 udali ku South Africa, ndipo wa 2002 udali ku Pietersburg, komwe tsopano ndi Polokwane.

Cooper yemweyo ndiye adatchukitsa mfundo zinayi zomwe zimaphunzitsidwa kwa aliyense wogwira mfuti. Mfuti iliyonse uiyese yodzaza, ngakhale waichotsa wekha zipolopolo. Usailozetse pa chinthu chomwe sukufuna kuchiwononga. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka utalunjika pa chomwe ukufuna. Ndipo udziwe bwino chomwe ukulasa, pamodzi ndi chomwe chili kumbuyo kwake.

Mfundozi adazilunzanitsa mwadala. Munthu akaphonya imodzi, zinazo zimamugwira. Kuti magazi atayike, pamafunika kuti aphwanye ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi.

Palibe wogwira mfuti asanauzidwe

Pa bwalo la mpikisano munthu sayenda ndi mfuti yodzaza. Imakhala yopanda chipolopolo, m'chikwama chake kapena m'thumba la m'chiuno, ndipo saigwiragwira. Akafuna kuipukuta kapena kuikonza, amapita pa tebulo lopatulidwira zimenezo, loyang'ana ku chimulu cha dothi. Pa tebulo limenelo saloledwa kugwira chipolopolo ngakhale chimodzi. Mfuti ndi zipolopolo zimakumana pamalo amodzi okha, pomwe wopikisana amaima, pamaso pa woyang'anira bwalo.

Aliyense, woonerera yemwe, amavala magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu.

Dzina likaitanidwa, munthu amalowa m'kabwalo kake n'kudikira. Woyang'anira amaima kumbuyo kwake, pafupi moti angathe kumugwira mkono, atanyamula kachipangizo kowerengera nthawi. Iyeyu sayang'ana mbale. Maso ake amakhala pa mfuti ndi pa chala.

Mawu ake ndi omwewomwewo tsiku lililonse, pa bwalo lililonse. Choyamba amauza wopikisana kuti akonzeke, ndipo ndi pokhapo pomwe munthuyo amatulutsa mfuti n'kuikamo zipolopolo, itayang'ana kutsogolo. Kenaka amafunsa ngati wakonzeka. Kenaka amamuchenjeza kuti adikire. Pakapita kamphindi kachipangizo kaja kamalira, mfuti n'kuyamba.

Akamaliza, woyang'anira amamuuza kuti achotse zipolopolo ndi kuonetsa kuti m'kati mulibe kanthu. Onse awiri amasuzumira. Kenaka wopikisana amalozetsa mfuti ku chimulu n'kukoka kachitsulo kowombera, kuti ngati maso a anthu awiri anamizidwa, chipolopolo chotsalacho chikathere m'dothi. Mfuti ikabwerera m'thumba, woyang'anira amalengeza kuti bwalo layera.

Mawu amenewo asanamveke, palibe woponda kutsogolo kukapaka utoto pa mbale.

Palinso mzere wosaoneka wodutsa pomwe wopikisana waima, kuchoka kumanzere kufika kumanja. Kukamwa kwa mfuti sikuloledwa kudutsa mzerewo kuloza kumbuyo komwe kuli anthu, ngakhale kwa kamphindi, ngakhale mfuti ili yopanda kanthu. Ndipo mawu oti kuwomba kuime akangomveka, wopikisana amaima pomwepo, chala n'kuchoka pa kachitsulo, mafunso pambuyo. Pa mabwalo ambiri, aliyense amene waona choopsa ali ndi ufulu wokuwa mawu amenewo.

Chilango chosayang'ana nkhope

Wodutsitsa mfuti mzere uja amachotsedwa mu mpikisano wonse. Woilozetsa pa mwendo kapena pa dzanja lake lomwe amachotsedwa. Amene mfuti yamuwombekera asanafune amachotsedwa, ngakhale chipolopolo chalowa pansi osavulaza munthu. Wogwetsa mfuti yodzaza amachotsedwa. Woigwira pamalo osaloledwa amachotsedwa. Wobwera atalawa mowa sayamba n'komwe.

Sadikira kuti wina avulale. Amalanga mchitidwe womwe ukadatha kuvulaza.

Apa ndiye pagona kusiyana kwakukulu ndi momwe timachitira kwathu. Ife mlandu wa mfuti timauona pakagwa munthu. Pakapanda kugwa munthu timati zayenda bwino, n'kuiwala. Koma tsoka silinunkha. Mlenje amene wawomba m'njedza kakhumi osavulaza munthu sadachite bwino kakhumi. Wapulumuka kakhumi.

Chinanso n'chakuti lamulo la pabwalo silisiyanitsa wophunzira ndi katswiri. Akatswiri a mbiri nawo amachotsedwa, ndipo amalandira. Amene adakonza malamulowa adadziwa kuti munthu wozolowera mfuti ndiye amene mantha amamuthera, dzanja n'kuyamba kuchita zinthu mutu uli kwina.

Chitsulo chimabweza, madzi nawonso

Chipolopolo chamtovu chikamenya chitsulo cholimba ndi chosalala, chimaphwanyika, zidutswa zake n'kumwazikira m'mbali motsatira nkhope ya mbaleyo. N'chifukwa chake mbale zimapangidwa ndi chitsulo cholimbitsidwa mwapadera, ndipo kawirikawiri amaziweramitsa pang'ono kuti zidutswa zizigwera pansi. Mbale ikakumbika kapena kupindika amaichotsa, chifukwa kadzenje kakang'ono kangathe kubwezera chidutswa kwa wowombayo.

Mtunda nawo ndi lamulo. Ku IPSC munthu wa mfuti yam'manja sayandikira chitsulo kuposa mamita 7. Wa mfuti yaitali ya chipolopolo chimodzi amatalikira mamita 50. Wa mfuti ya mbalame amatalikira mamita 5 ngati akuwomba timipira ting'onoting'ono, koma mamita 40 ngati akuwomba chipolopolo chachikulu chimodzi. Zipolopolo za mtima wachitsulo n'zoletsedwa. Ndipo kumbuyo kwa mbale zonse kumakhala chimulu cha dothi chogwira chilichonse chophonya.

Ku Chilwa kulibe chimulu. Dera lonse ndi lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera.

Kulibenso mbale zachitsulo, koma kuli chinthu china chobweza chipolopolo, ndicho madzi. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti mwala wophwatalala ukaponyedwa mopendeka umanjanja pamwamba pa madzi kangapo usanamire. Chipolopolo ndi timipira ta mfuti ya mbalame zimachita chimodzimodzi. Mlenje wokhala pansi m'bwato, akalasa bakha woyandama, amawomba mopendeka ndendende momwe kunjanja kumafunira. Timipira tophonya timadzuka pamadzi n'kupitirira m'njedza, pa msinkhu wa nkhope ya munthu amene wakhala m'bwato lina kapena wawerama m'munda wa mpunga. M'zaka zomwe nyanja yaphwa, dothi louma gwaa nalo limanjanjitsa.

Timipira ta mfuti ya mbalame timatha kuuluka mamita oposa 200. Pa mtunda wautali sitingaphe munthu wamkulu, koma kampira kamodzi n'kokwanira kuphulitsa diso. Chipolopolo cha kamfuti kakang'ono ka .22, komwe ambiri amakapeputsa, chimapitirira kilomita imodzi ndi theka.

Choncho mfundo yachinayi ija, yodziwa chomwe chili kumbuyo kwa chomwe ukulasa, ndiyo yolemera kwambiri kuno. Pabwalo la mpikisano adaikwaniritsa ndi chimulu. M'dambo ingakwaniritsidwe ndi khalidwe lokha: kuwomba mbalame ikauluka, kumbuyo kwake kuli thambo loonekera, osati ili pamadzi kutsogolo kwa njedza. Ngati maso sakufika komwe timipira tikathere, mfuti isalire.

Mfuti m'bwato

Bwato limagwedezeka. Munthu amatsetsereka pokwera ndi potsika. Mfuti yodzaza yogonekedwa pansi imaloza mnzako wakutsogolo, kapena miyendo yako yomwe. Kuikoka chakukamwa potsika, monga ambiri amakokera khasu, ndi njira yodziwombera wekha pachifuwa.

Lamulo la pabwalo lakuti mfuti ndi chipolopolo zizikumana pokhapokha pofuna kuwomba likugwira ntchito bwino apa. Pochoka kunyumba, panjinga, podutsa m'mudzi, pokwera bwato ndi potsika, mfuti izikhala yothyola pakati, yopanda kanthu, kuti aliyense wokumana nayo aone ndi maso ake.

Matope nawo ndi mdani. Kukamwa kwa mfuti kukangogunda pansi, matope amatseka mpope. Kuwomba mfuti yotero kumang'amba mpopewo, ndipo choyamba kuonongeka ndi dzanja ndi nkhope ya mwini wake. Kusuzumira mu mpope mfuti itathyoledwa, usanaikemo chipolopolo, sikutenga nthawi. Ngozi imeneyi imakula kwambiri ndi mfuti zosula pamudzi monga gogodela, zomwe mpope wake sudayesedwe ndipo onga amangothira mwa diso. Mfuti zotere ndi zoletsedwa ndi malamulo a dziko lino.

Makutu amaonongeka mwakachetechete. Kulira kwa mfuti kumapitirira mlingo womwe khutu la munthu lingapirire ngakhale kamodzi kokha, ndipo kugontha kwake sikubwerera. Timapulagi ta m'makutu ndi totsika mtengo kuposa chipolopolo.

Za mowa n'zosakambirana. Kuzizira kwa m'bandakucha kumanyenga munthu kuti ayambe walawa kachasu. Pabwalo la mpikisano munthu wotero amabwezedwa pachipata. Padoko nayenso azibwezedwa.

Ndipo pali nyumba. Mfuti yobwera kuchokera kudambo n'kutsamiritsidwa kuseri kwa chitseko, chipolopolo chili momwemo, imadikira mwana wachidwi. Mfuti payokha, zipolopolo pazokha, zonse pokiyidwa. Ndi lamulo lomwe lija la pa tebulo la pabwalo.

Ngozi ikagwa kunyanja, thandizo lili kutali. Wovulala ayenera kutulutsidwa m'njedza pa bwato, akwezedwe pa njinga yamoto m'misewu yomwe nthawi ya dzinja imasanduka matope, afike pa chipatala chaching'ono, kenaka atumizidwe ku Zomba Central Hospital. Magazi sadikira ulendo wonsewo. Ndipo wovulalayo kawirikawiri ndiye wodyetsa banja, m'mwezi womwe banjalo lilibe china chodalira.

Chiphaso sichikwera bwato

Dziko lino lili ndi malamulo a mfuti. Lamulo la Firearms Act la 1967 limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chilolezo chochokera ku polisi, ndipo chiphaso chake chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, limayang'anira kusaka nyama ndi mbalame, kuphatikizapo ziphaso zake ndi mitundu yotetezedwa.

Malamulowa ndi ofunika, ndipo mlenje aliyense ayenera kuwatsata. Koma chiphaso chimangonena amene ali ndi ufulu wosunga mfuti. Sichikhalapo m'bandakucha kuti chimuuze komwe angalozetse. Wapolisi sangayende ndi bwato lililonse.

Ngakhale kumabwalo a mpikisano, amene amasunga chitetezo si boma. Ndi ochita masewerowo eni ake. Oyang'anira bwalo ambiri ndi anzawo odzipereka, amene adaphunzitsidwa n'kupatsidwa mphamvu yoimitsa aliyense. Dongosolo lotero ku Chilwa maziko ake alipo kale, ndiwo makalabu a osaka mbalame, makomiti a m'madoko a asodzi, ndi mafumu.

Aphunzitsi nawo sali kutali. Mumzinda wa Zomba muli asilikali a ku Cobbe Barracks ndi sukulu ya apolisi, komwe kugwira mfuti mosamala ndi phunziro la tsiku ndi tsiku. Nthambi ya nyama zakutchire ilinso ndi alonda ophunzitsidwa mfuti. Tsiku limodzi pachaka, nyengo yosaka isanatsegulidwe, lingakwanire kuti mlenje aliyense wa chiphaso aonetse pamaso pa anzake kuti amadziwa kunyamula, kudzaza, kuchotsa ndi kusunga mfuti yake.

Mtovu wotsala m'matope

Pali ngozi ina yomwe siimveka kulira. Katiriji imodzi ya mfuti ya mbalame imakhala ndi timipira tambirimbiri, ndipo tochuluka timagwera m'madzi. Abakha ndi atsekwe amameza timiyala tothandiza kupera chakudya m'nthutumba, ndipo timipira tamtovu amatimeza limodzi. Mtovu ndi poizoni. Mbalame imafooka, imawonda, imafa m'njedza popanda woiona.

Munthu naye sapulumuka. Tizidutswa ta mtovu timatsalira m'nyama ya mbalame yowombedwa, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe ungatchedwe wosavulaza, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Pokonza mbalame yowombedwa ndi bwino kuchotsa timipira tonse ndi kudula mnofu wozungulira bala.

Dziko la Denmark, kwawo kwa alenje omwe adathandiza makalabu a Chilwa, lidaletseratu timipira tamtovu mu 1996. Maiko a European Union adatiletsa m'madambo kuyambira 2023. Pangano la AEWA loteteza mbalame zam'madzi zoyenda pakati pa Africa, Ulaya ndi Asia, lomwe Malawi idalowamo mu 2019, limalimbikitsa zomwezo.

M'malo mwa mtovu ambiri amagwiritsa ntchito timipira tachitsulo. Koma nato tili ndi khalidwe lake. Timanjanja kwambiri kuposa tamtovu, n'chifukwa chake pa mipikisano saloleza kuti tiwombedwe pa mbale zachitsulo, ndipo si mfuti yakale iliyonse yomwe ingatipirire. Tsiku lomwe alenje a Chilwa adzasinthire ku timipira tachitsulo, kusamala za komwe mfuti yaloza kudzafunika koposa lero.

Zomwe kalabu ingagwirizane pansi pa mtengo

Palibe chilichonse mwa izi chofuna ndalama za wopereka thandizo. Chimafuna msonkhano umodzi wa alenje, asodzi, alimi a mpunga ndi mafumu, ndi mfundo zochepa zoti aliyense aziloweze.

Mfuti iziyenda yothyola ndi yopanda kanthu mpaka pamalo osakira. Mlenje azinena padoko dera lomwe akupita, kuti asodzi ndi odula mlulu adziwe. Pakhale mtunda wogwirizana kuchoka pa zimbowera, m'minda ya mpunga ndi m'njira za mabwato, womwe mfuti siilira. Mbalame iziwombedwa ili m'mwamba. M'bwato limodzi muziwomba munthu mmodzi. Woledzera asakwere. Alenje akatuluka awiri kapena atatu, mmodzi akhale woyang'anira, ndipo mawu ake akhale omaliza. Pobwera, mfuti izionetsedwa kwa mnzako kuti ilibe kanthu isanalowe m'mudzi.

Ndipo aliyense, mayi wa mtolo wa mlulu kapena mwana wa ng'ombe, akhale ndi ufulu wokuwa kuti kuno kuli anthu, mlenje n'kutsitsa mfuti osakwiya.

Chomaliza ndicho chovuta. Wophwanya mfundozi alangidwe ngakhale sadavulaze munthu, monga momwe makalabu adagwirizanirana kulanga wosaka m'malo opatulidwira mbalame. Madzi akatayika saoleka, ndipo chipolopolo chikatuluka palibe wochiitana kuti chibwerere. Nthawi yokhayo yomwe mudzi ungachitepo kanthu ndi chala chisanakoke.

Malamulo otere adzayesedwa tsiku lomwe wolakwa adzakhale mlenje wodziwa kuposa onse, kapena mphwake wa mfumu, kapena amene amagawira anzake zipolopolo. Kalabu ikadzalimba mtima n'kumuuza mwaulemu kuti bambo, mwezi uno mfuti yanu igone kunyumba, iye namvera, achinyamata onse amene akuphunzira ulenje adzadziwa kuti lamuloli ndi la aliyense.